Kuika wailesi yolankhulirana m'galimoto yakale ya apolisi yotsatira nayo mikuntho

Chaka ndi chaka, kuyambira mwezi wa Epulo kukafika mu Juni, m'zigwa zazikulu za pakati pa dziko la America, ku Texas, Oklahoma, Kansas ndi Nebraska, mumadzaza anthu amene amayenda mitunda italiitali kutsatira mitambo yobala kamvulumvulu woopsa uja amamutcha tornado. Ameneyu sali ngati namondwe wochokera kunyanja amene amadziwika kudakali masiku angapo, koma amatsika mwadzidzidzi kuchokera mumtambo umodzi, n'kuphwasula zonse za m'njira yake, kenaka n'kuzimirira, nthawi zambiri pasanathe mphindi khumi. Makina a radar amaona kuzungulira kwa mphepo m'mwamba, koma sangatsimikize nthawi zonse zimene zikuchitika pansi, n'chifukwa chake nthambi yoona zanyengo ya National Weather Service imadalira maso a anthu ongodzipereka amene imawaphunzitsa kudzera mu ndondomeko ya SKYWARN. Kumidzi ya kumeneko netiweki ya foni imasowa, ndipo ngakhale pamene ilipo imatha kuthima mkuntho ukagwetsa mapolo a magetsi. Wailesi yolankhulirana, imene ambiri timangoitcha ovaova, ndiyo imatsala ikugwira ntchito.

Ena mwa oyamba kumene ntchitoyi amagula galimoto imene apolisi aigulitsa pa okushoni, makamaka Ford Crown Victoria Police Interceptor, imene inasiya kupangidwa mu 2011. Zifukwa zake n'zomveka. Ndi yotsika mtengo, injini yake ya V8 ya malita 4.6 amakaniko onse a kumeneko amaidziwa, zotuluka m'zaka zomalizira zili ndi alitaneta ya maampu 200, ndipo chifukwa giya ili pachiwongolero, pakati pa mipando iwiri yakutsogolo pali malo aakulu oikapo zida. Pamwamba pa izo, padenga pamakhala pali kale mabowo a maeriyo ndipo pansi pa kapeti pamakhala mawaya ambirimbiri. Apa ndi pamene wogula amanyengeka, chifukwa amaona ngati ntchito inatha kale ndipo kwatsala n'kungolumikiza. Ine langizo langa lalikulu ndi lakuti chilichonse chimene apolisi anasiya muchiyese ngati chowonongeka kufikira mutachiyeza nokha, pakuti amene ankachotsa zida zawo sankaganizira za munthu wodzagula galimotoyo, ankangodula mawaya ndi kuwakankhira pamene maso sakuona.

Za chiphaso ndi zotsalira za upolisi

Musanagule wailesi, pezani chiphaso. Otsatira mikuntho ambiri amalankhulira pa mafunde a amateur radio, amene anapatulidwira anthu wamba okhala ndi chiphaso, ndipo FCC, bungwe la boma la America loyang'anira mawailesi, limafuna kuti mukhoze mayeso a gawo la Technician, amene ali ndi mafunso 35 ndipo wokhoza ayenera kupeza 26. Chiphaso chimenechi chimakulolani kulankhula pa 144 mpaka 148 MHz, amene amatchedwa mafunde a mamita awiri, komanso pa 420 mpaka 450 MHz. Pali mitundu inanso iwiri ya wailesi za anthu wamba: ya GMRS imafuna chiphaso cholipira chabe popanda mayeso, ya CB siifuna chiphaso konse, koma malipoti a SKYWARN opita pa wailesi amadutsa makamaka pa mafunde a amateur radio, choncho musazembe mayesowo.

Nyali zofiira ndi zabuluu, sairini ndi zolembalemba za apolisi, ngati zatsala, zichotseni zonse, chifukwa kuoneka ngati wapolisi pamsewu ndi mlandu. Ngati mwapeza wailesi yakale ya apolisi itatsalira m'buti, musayese n'komwe kulankhulirapo, popeza ikhoza kukhala idakali pa mafunde a chitetezo amene munthu wamba saloledwa kukhudza. Malamulo a nyali zachikasu ndi a wailesi yomvetsera mauthenga a apolisi m'galimoto amasiyana boma ndi boma, ndipo wotsatira mikuntho amadutsa malire a maboma awiri kapena atatu tsiku limodzi, choncho werengani malamulo a kulikonse kumene mudzapite.

Tsopano tsegulani boneti, muchotse waya wa negativi pa batire, ndipo mupatule tsiku lathunthu lofufuza mawaya otsala. Chotsani chitsulo cha pakati pa mipando, kwezani kapeti ya labala, tulutsani mpando wakumbuyo ndipo muyang'ane m'makona onse a buti. Waya aliyense amene sanachokere ku fakitale mumutsate kufikira kumene wayambira. Amene ali wodulidwa koma adakalumikizidwa ku batire ndiye woopsa koposa, chifukwa tepi imene anamukulungira imamatuka ndi kutentha, ndipo tsiku lina m'msewu wa mabampu adzakhudza chitsulo n'kuyatsa moto. Osafunika onse muwazule kotheratu. Mabowo amene simudzagwiritsa ntchito, padenga kapena pansi, muwatseke ndi zotsekera za labala, pakuti galimoto imene ikukayenda m'mvula ya mkuntho imalowa madzi ngakhale pa kabowo kochepa ngati ka msomali. Muonenso chiwerengero cha maola amene injini inalira galimoto itangoima, chimene Crown Victoria za apolisi zimasonyeza pa dashibodi kuyambira mu 2006. Kampani ya Ford imawerengera ola limodzi lotere ngati mamailosi 33 a ulendo, ndipo ngati maolawo ali ochuluka, alitaneta ndi batire mupite nazo kukayezetsa musanazisenzetse katundu wina.

Magetsi

Wailesi ya mawati 50, monga Kenwood TM-V71A kapena Icom IC-2730A, imakoka maampu pafupifupi 13 pamene mukulankhula. Mphamvu yotereyi simungaitenge pa bowo loyatsira ndudu kapena kuiba pa waya wa nyali. Kokani mawaya awiri atsopano, wofiira ndi wakuda, kuchokera ku batire. Ngati thupi la wailesi likhala kutsogolo, waya wa 12 AWG ndi wokwanira (AWG ndi muyeso wa kunenepa kwa waya, ndipo nambala ikachepa waya amakhala wonenepa), koma ngati likhala m'buti, kumbukirani kuti galimotoyi ndi yaitali kupitirira mamita asanu, ndipo pamtunda wotere waya woonda amataya mphamvu n'kumatentha, choncho tengani wa 10 AWG, kapena wa 8 AWG ngati adzadyetsa mawailesi angapo kudzera pa kabokosi ka mafyuzi.

Fyuzi muiike pafupi ndi batire momwe mungathere, masentimita osapitirira 30, chifukwa ntchito yake yeniyeni ndi kuteteza waya osati wailesi yokha. Waya akapekeseka pakati pa njira n'kukhudza chitsulo, fyuzi yokhala kumapeto kwa wayayo siithandiza kanthu, ndipo batire limathira mphamvu yake yonse pamalo opekesekawo. Kukula kwa fyuzi tsatirani zimene wopanga wailesi analemba, kawirikawiri maampu 15 kapena 20. Waya wakuda mukamufikitsa pa batire penipeni, nayenso mumuikire fyuzi, kuti lamba wa negativi wa injini akadzamasuka, mphamvu ya sitata isadzadutse mu wailesi yanu pofuna njira yobwerera. M'magalimoto a apolisi atsopano, monga Police Interceptor Utility, muli kachipangizo koyeza mphamvu pa negativi ya batire, ndipo mmenemo waya wakuda amamangidwa pa chitsulo cha galimoto pafupi ndi batire kuti kachipangizoko kazidziwa zonse zimene zikutuluka. Amene wagula Dodge Charger ya apolisi ali ndi mwayi pang'ono, chifukwa batire lake lili m'buti momwemo.

Podutsa khoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu, gwiritsani ntchito bowo limene lili ndi labala m'mphepete, ndipo ngati labalayo anang'ambika muikepo wina. Mawaya muwalowetse m'paipi ya pulasitiki yotetezera, muwatalikitse ku paipi ya utsi, ku ndodo ya chiwongolero ndi ku mapedulo, ndipo muwamange pafupipafupi kuti asalendewere. Polumikiza, panani ndi chopanira chenicheni kenaka muveke kachubu kofota ndi moto, osati kungopota mawaya ndi zala n'kukulunga tepi. Mukamaliza, yezani mphamvu pa batire ndi kumbuyo kwa wailesi pamene mukulankhula pa mphamvu yonse. Kusiyana kukapitirira theka la voti, ndiye kuti waya wachepa kapena pali polumikiza pena posagwira bwino. Ndi nzeru kuikaponso swichi kapena relay (swichi yodzigwirira yokha ndi magetsi) yodula magetsi onse a zida mukazimitsa injini, chifukwa kuiwala wailesi ili chiyakire usiku wonse pa malo ogona ndi chinthu chimene chimachitikira ngakhale akatswiri.

Eriyo, imene ndiyo theka la ntchito yonse

Wailesi yodula yokhala ndi eriyo yoikidwa mosasamala imaposedwa ndi wailesi yotchipa yokhala ndi eriyo yabwino, ndipo apa ndi pamene galimoto yakale ya apolisi imathandizadi. Mabowo a padenga pake nthawi zambiri amakhala a mtundu wa NMO, otambalala mamilimita 19, umenenso ndi mtundu umene maeriyo ambiri a amateur radio amagwiritsa ntchito. Denga lachitsulo limagwira ntchito ngati mbali yachiwiri ya eriyo, ndipo pakati pa denga ndi pamene mafunde amafalikira mofanana mbali zonse, komanso amakhala kutali ndi mitu ya okwera. Choncho bowo la pakati mulisungire wailesi imene mudzatumizire malipoti.

Koma bowo kukhala labwino sizitanthauza kuti chomangira chimene chili pamenepo n'chabwinonso. Masulani chivundikiro muone ngati pali dzimbiri kapena zobiriwira pa mkuwa, zimene zimasonyeza kuti madzi akhala akulowa. Tsitsani pang'ono nsalu ya kudenga mutsate waya wa coax, wolumikiza eriyo ndi wailesi, kuti muone ngati sanadulidwe kapena kupanidwa. Ndi mita yoyezera magetsi, eriyo itachotsedwa, tsimikizani kuti kawaya ka pakati kakufika kumapeto, kuti ulusi wa kunja ukugwirana ndi chitsulo cha denga, ndiponso kuti ziwirizi sizikukhudzana. Ngakhale zonse zitaoneka bwino, ine ndimakonda kuika chomangira chatsopano ndi waya wake watsopano wa coax wa mtundu wa RG-58, chifukwa mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi mafuta a tsiku limodzi la ulendo, ndipo coax amene analowa madzi amadya mphamvu mwakachetechete popanda chizindikiro chooneka ndi maso. Eriyo yakale ya apolisi ndiye musaigwiritse ntchito, popeza inadulidwa molingana ndi mafunde awo, mwina a 155 MHz kapena a 800 MHz, ndipo pa mafunde anu idzabweza mphamvu ku wailesi.

Mukafuna kuboola bowo latsopano, yambani mwayang'ana kunsi kuti musagunde nthiti zachitsulo zochirikiza denga kapena mawaya a nyali ya mkati. Gwiritsani ntchito choboolera cha NMO chimene chili ndi malire kuti chisapyoze nsalu, ndipo tizitsulo togwa muchotse nthawi yomweyo tisanachite dzimbiri pa penti. Kunsi kwa denga, pamene mano a chomangira amaluma, payenera kukhala chitsulo chenicheni chopanda penti, pamene kumtunda kamphete ka labala kayenera kukhala pa penti yosalala kuti madzi asalowe. Eriyo ya maginito ndi yabwino poyesera chabe. Mphepo ya mkuntho ikaphatikizana ndi liwiro la galimoto imaizula, n'kutsala ikulendewera pa waya wake ikumenya galasi, nthawi imene simungaime n'kutuluka.

Posankha eriyo yeniyeniyo pali kukokana. Yaifupi, ya masentimita pafupifupi 49 pa mafunde a mamita awiri, siipindika ndi mphepo, imapirira matalala ndipo siigunda nthambi kapena madenga a pothirira mafuta. Yaitali, yopitirira mita imodzi, imafika patali m'chigwa chathyathyathya ngati cha kumadzulo kwa Kansas, koma galimoto ikathamanga imagonera kumbuyo ndipo phindu lake lina limatayika. Kwa munthu amene adzayandikira mvula ya matalala, ndiona kuti yaifupi ndiyo yoyenera kukhala padenga, ndipo yaitali ikhale m'buti kuti muziimanga mukakhala kutali ndi nsanja zobwereza mawu, zimene zimalandira mawu a wailesi yanu n'kuwaulutsanso kuti afike patali. Maeriyo awiri asayandikane, pakhale theka la mita kapena kupitirira apo, ndipo mita yathunthu ndi yabwino koposa, chifukwa mawati 50 otuluka pa imodzi amatha kugonthetsa kapena kuwononga wailesi yomvetsera imene ili pa inzake. Eriyo ya CB, imene imathandiza kumva madalaivala a mathiraki pa tchanelo 19 akuchenjezana za msewu wotsekeka, ikhoza kukhala pa chivundikiro cha buti, koma chivundikirocho muchilumikize ku thupi la galimoto ndi malamba amkuwa olukidwa, popeza mahinji okha sadutsa bwino mafunde.

Mukamanga, yezani ndi mita ya SWR, imene imasonyeza kuchuluka kwa mphamvu yobwerera kuchokera ku eriyo. Imikani galimoto pabwalo patali ndi nyumba ndi mipanda yachitsulo, tsekani zitseko, boneti ndi buti, ikani wailesi pa mphamvu yochepa, ndipo muyeze kumayambiriro, pakati ndi kumapeto kwa mafunde anu. Chiwerengero chochepera 1.5 ndi chabwino. Chikapitirira 2 musalankhule pa mphamvu yonse kufikira mutapeza vuto, limene kawirikawiri limakhala pulagi ya kumapeto kwa coax, ya PL-259, yowotcheredwa molakwika kapena chomangira chosaluma chitsulo.

Pokhala wailesi m'kati

Mawailesi a Kenwood ndi Icom amene ndatchula aja ali ndi nkhope ya mabatani yochotseka, kotero thupi lake likhoza kukhala m'buti kapena pansi pa mpando, nkhope yokha n'kukhala pafupi ndi dalaivala. Thupilo limafuna mpweya wozizira ndi malo ouma, choncho mulikweze pang'ono kuchoka pansi. Chenjezo lofunika kwambiri pa Crown Victoria ndi ili: thanki ya petulo ili kuseri kwa ekiselo yakumbuyo, moyandikana kwambiri ndi khoma lakutsogolo la buti, ndipo sikuluwu yaitali yoboola pamenepo ikhoza kufika pa thanki. Mangirirani zida pa thabwa kapena pa shelefu yogwira pa mabawuti amene alipo kale, ndipo musaboole paliponse musanaone ndi maso ndi kukhudza ndi dzanja chimene chili kuseri.

Kutsogolo, chilichonse chimangidwe ndi mabawuti pa chitsulo cha pakati pa mipando, ndipo pasakhale kanthu pamwamba pa dashibodi kapena patsogolo pa malo otulukira airbag, thumba la mpweya loteteza pa ngozi, chifukwa pa ngozi chimenecho chidzaponyedwa kumaso kwa wokwera. Nkhope ya wailesi ikhale pamene mungaione mongophethira, ndipo maikolofoni akhale ndi pokoleka pamene dzanja lingafike osayang'ana. Sipika ya kunja ndi yofunika, ndipo muiike pafupi ndi khutu, chifukwa matalala akamagwa padenga lachitsulo phokoso lake limameza mawu onse ochokera m'kasipika ka mu wailesi.

Izi sindikunena chifukwa chokonda udongo. Pa 31 Meyi 2013, kamvulumvulu wa ku El Reno ku Oklahoma anakula mofulumira kufika makilomita 4.2 m'lifupi, anasintha njira, ndipo anapha Tim Samaras, mwana wake Paul ndi mnzawo Carl Young, anthu amene ankaidziwa ntchitoyi kuposa ambiri. Ngati mkuntho unatha kupeza anthu otero, ndiye kuti masekondi amene dalaivala amataya pofunafuna batani kapena maikolofoni ogwera pansi ndi ochuluka kwambiri. Mukakhala awiri, wailesi ndi mapu zikhale za wokwera, dalaivala azingoona msewu ndi thambo. Mukumbukirenso kuti Crown Victoria imakoka ndi matayala akumbuyo okha, ndipo misewu yadothi lofiira ya ku Oklahoma ikanyowa imaterera ngati sopo, kotero wailesi yabwino isakupatseni mtima wolowa m'njira imene simungatulukemo.

Phokoso, matchanelo ndi kuyesa komaliza

Lizani injini mumvetsere. Kulira kosongoka kokwera ndi kutsika pamodzi ndi injini kumachokera ku alitaneta, ndipo kumalowera pa mawaya a magetsi. Kuthetheka kofulumira kumachokera ku makoyilo a mapulagi, pamene kulira kosasintha kumene kumayamba mukangotembenuza kiyi kumakhala kwa pampu ya petulo. Kuti mudziwe kumene phokoso likulowera, masulani coax kumbuyo kwa wailesi. Likatha, ndiye kuti likudzera ku eriyo, ndipo mankhwala ake ndi malamba amkuwa olumikiza boneti, buti ndi paipi ya utsi ku thupi la galimoto. Likapitirira, likudzera ku magetsi, ndipo muyang'ane polumikiza negativi musanagule sefa iliyonse. Nthawi zambiri wolakwa amakhala tchaja yotchipa ya foni kapena inverter (kachipangizo kosintha magetsi a batire kukhala onga a m'nyumba) ya laputopu, choncho muzizule chimodzichimodzi musanayambe kukayikira galimoto.

Matchanelo muwalowetse muli kunyumba, osati muli pamsewu. Yambani ndi asanu ndi awiri a NOAA Weather Radio, wailesi ya boma youlutsa za nyengo, kuyambira 162.400 mpaka 162.550 MHz motalikirana ndi 0.025, amene ndi omvetsera chabe. Onjezani 146.520 MHz, pamene anthu amaitanirana m'dziko lonselo, ndi 146.550 MHz, pamene otsatira mikuntho ambiri amalankhulirana galimoto ndi galimoto. Kenaka lowetsani nsanja zobwereza mawu za SKYWARN za m'madera amene mudzapite, iliyonse ndi kamvekedwe kake ka CTCSS, kamene wailesi yanu imatumiza kuti nsanjayo itseguke, ndi kusiyana kwa mafunde olankhulira ndi omvera, kumene pa mamita awiri kumakhala 600 kHz. Muzipatse mayina a matauni ndi kuzisanja monga momwe zilili pa mapu, kuti mukamachoka ku Norman ku Oklahoma kulowera ku Wichita ku Kansas muzingotembenuza batani mbali imodzi. Ngati wailesi yanu ili ndi APRS, imene imaulutsa pamene muli, mafunde ake ku North America ndi 144.390 MHz.

Pa tsiku la mkuntho, nsanja zimenezi zimakhala ndi woyendetsa zokambirana, ndipo mumalankhula akakulolani. Tchulani nambala yanu ya chiphaso, imene lamulo limafuna kuti muibwereze mphindi khumi zilizonse ndi pomaliza, kenaka nenani nthawi, malo ndi chimene mwaona ndi maso anu. Chofunika kumva a zanyengo ndi kamvulumvulu, mtambo wozungulira, matalala ofika masentimita 2.5, mphepo yofika makilomita 93 pa ola, madzi osefukira ndi zowonongeka. Mphezi zikamang'anima pafupi, ikani maikolofoni pansi, popeza waya wake ndi wolumikizana ndi eriyo imene ili pamwamba pa galimoto, ndipo thupi lachitsulo limakutetezani pokhapokha ngati simukugwira chinthu cholumikizana ndi kunja.

Nyengo ya mikuntho isanayambe, yendetsani galimotoyo ola lathunthu m'msewu wa miyala mawailesi onse ali oyaka, muli ndi mnzanu wa chiphaso kunyumba amene azikuuzani mmene mawu anu akumvekera pamene mukutalikira. Mukabwerako gwirani mafyuzi ndi polumikiza ponse kuti mumve ngati pali potentha, limbitsani mabawuti amene akhwepa, kenaka thirani madzi padenga ndi paipi kwa mphindi zingapo n'kugwira nsalu ya kudenga kuzungulira bowo lililonse. M'kabati ka kutsogolo musungemo mafyuzi apadera, eriyo yaifupi ina, chivundikiro cha NMO chotsekera bowo eriyo ikathyoka, ndi wailesi ya m'manja yodzaza batire. Pobwera ku ulendo uliwonse umene munakumana ndi matalala, masulani eriyo, pukutani chinyezi pa mkuwa wa chomangira, ndipo muyezenso SWR musananyamuke tsiku lotsatira.